Chinsinsi cha othamanga a ku Kenya: zimene sayansi ya masewera yapeza ikayeza

Mu October 1968 masewera a Olympics anachitikira ku Mexico City, mzinda wokwera mamita pafupifupi 2,240 kuchokera pagombe la nyanja yamchere. Madokotala anali atachenjeza kale kuti othamanga mitunda italiitali akabanika kumeneko, ndipo sananame. Ron Clarke wa ku Australia, amene pa nthawiyo panalibe womuposa liwiro pa mamita 10,000, anamaliza pa nambala 6, n'kukomoka atangodutsa mzere womalizira mpaka kumuika pa okosijeni. Mpikisanowo anapambana ndi Naftali Temu wa ku Kenya, ndipo wachiwiri anali Mamo Wolde wa ku Ethiopia. Masiku otsatira Amos Biwott anatenga golide pa mamita 3,000 odumpha zotchinga, Kipchoge Keino anasiya kutali Jim Ryun wa ku America pa mamita 1,500, ndipo Wolde uja anapambana marathon.

Yankho linabwera msanga: anthu amenewa kwawo n'kumapiri, mpweya wochepa anauzolowera. Ena anawonjezera kuti ndi magazi chabe, anabadwa nazo. Mayankho awiriwa amamvekabe lero paliponse pamene anthu akuonera mpikisano pa TV n'kuona gulu la ku Kenya ndi la ku Ethiopia lili patsogolo lokhalokha. Koma pali anthu amene ntchito yawo ndi kutenga yankho lotere, kulowa nalo mu labotale n'kuliyeza. Achita zimenezi kwa zaka zoposa 50, ndipo palibe yankho limodzi limene laima palokha. Mmene akhala akuyezera ndi njira yabwino yomvetsera zimene munthu amaphunzira akamachita digiri yachiwiri kapena ya PhD ya sayansi ya masewera.

Kwathu kuno wina akanena kuti akuphunzira za masewera ku yunivesite, ambiri amaganiza za wezulo ndi kuthamangitsa ana pa bwalo la sukulu. Zimenezo zilimo, ndipo si ntchito yonyozeka. Koma munthu akafika pa digiri yachiwiri, kaya ku Loughborough ku England, ku Cologne ku Germany, ku University of Cape Town kapena ku Kenyatta University ku Nairobi, amakumana ndi maphunziro a mmene mtima, mapapo, magazi ndi minofu zimagwirira ntchito thupi likapanikizika, mmene mafupa ndi mfundo zimayendera, kadyedwe, maganizo a wosewera, ndiponso masamu owerengera zotsatira za kafukufuku. Pamapeto pake amayenera kufunsa funso lakelake, kupeza chilolezo ku komiti yoona kuti anthu oyezedwawo sakuvulazidwa kapena kunamizidwa, kusonkhanitsa manambala ndi kuwateteza pamaso pa akatswiri. Luso lalikulu limene amatuluka nalo, mmene ndimaonera ine, ndi kusafulumira kukhulupirira yankho lokoma m'makutu, ngakhale litakhala lake lomwe.

Muyeso woyamba umene aliyense wa iwo amaphunzira ndi wotchedwa VO2max, kutanthauza kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lingathe kugwiritsa ntchito pa mphindi imodzi munthu akamathamanga ndi mphamvu zake zonse. Ganizoli linachokera kwa A.V. Hill wa ku England, amene analandira mphoto ya Nobel ya 1922 chifukwa cha kafukufuku wa minofu, ndipo analifotokoza pamodzi ndi Hartley Lupton mu 1923. Kayezedwe kake n'kowawa kuonerera. Wothamanga amakwera pa makina a lamba woyenda, aja a treadmill, atavala masiki yothina yophimba mphuno ndi pakamwa. Kuchokera pa masikiyo pamapita paipi kukalowa m'makina owerenga mpweya uliwonse umene walowa ndi umene watuluka. Lamba amayamba pang'onopang'ono. Pakatha mphindi zingapo amamuimitsa kanthawi kochepa, wophunzira mmodzi n'kumubaya pachala kapena kunsonga ya khutu kuti atenge kadontho ka magazi koyezera lactate, chinthu chimene chimachuluka m'magazi minofu ikamagwira ntchito mwamphamvu, kenako liwiro amalikweza. Zimapita choncho mpaka thukuta kuchita kudontha pa lamba, miyendo kuyamba kuzemba, onse m'chipindamo akumukuwira kuti asasiye, mpaka mwini wake atagwira zitsulo za m'mbali n'kuchotsapo mapazi. Mnyamata wamba wathanzi amapeza mamililita 35 mpaka 45 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa mphindi. Akatswiri a mitunda italiitali amafika 70 mpaka 85.

Tsono tiyambe ndi nkhani ya mapiri. Kumtunda okosijeni amakhala 21 peresenti ya mpweya ngati mmene zilili kugombe. Chimene chimachepa ndi kukanikiza kwa mpweyawo. Ku Iten, tauni ya othamanga imene ili pa mamita pafupifupi 2,400 m'mphepete mwa Rift Valley, kukanikizako ndi magawo atatu mwa anayi a kugombe, choncho munthu akakoka mpweya kamodzi okosijeni wolowa m'magazi amakhala wochepa. Impso zimazindikira zimenezi n'kutulutsa homoni yotchedwa EPO, imene imauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira a magazi ambiri. Maselo amenewa ndi amene amanyamula okosijeni kupita ku minofu. Mpaka apa zonse n'zoona ndipo palibe amatsutsa.

Vuto limayamba pofunsa ngati zimenezi zimathamangitsadi munthu akatsikira kugombe. Kumtunda magazi amawonjezeka, inde, koma munthu sangathamange liwiro lenileni la mpikisano chifukwa amabanika msanga, ndiye zimene wapindula m'magazi amazitaya m'miyendo. Benjamin Levine ndi James Stray-Gundersen a ku America anayesa kuthana ndi zimenezi pa kafukufuku amene anasindikiza mu 1997. Anatenga othamanga 39 n'kuwagawa magulu atatu kwa milungu inayi. Gulu lina linkagona ndi kuphunzira kuthamanga pa mamita 2,500 ku Utah, lina linkagona pamwamba pomwepo koma n'kumatsikira pa mamita 1,250 kokathamanga, lachitatu linatsala kuchigwa. Magulu awiri ogona kumtunda onse magazi awo anawonjezeka, koma okhawo otsika kokathamanga aja ndi amene anadula nthawi yawo pa mamita 5,000, ndi masekondi pafupifupi 13. Apa ndi pamene panachokera njira yogona kumtunda n'kumathamangira kumunsi, ndipo makampani anayamba kugulitsa matenti ndi zipinda zochepetsa okosijeni kuti wosewera azigona "kuphiri" ali m'nyumba mwake.

Koma taonani chimene wophunzira wochenjera amafunsa: kodi othamangawo sankadziwa kuti ali m'gulu limene aliyense ankayembekezera kuti lipambana? Munthu amene wakhulupirira kuti wapatsidwa chinthu champhamvu amathamanga bwino ngakhale chinthucho chilibe kanthu. Mu 2012 gulu la Carsten Lundby linasindikiza kafukufuku wa opalasa njinga 16 amene anawagoneka m'zipinda kwa milungu inayi, ena muli okosijeni wochepa ngati wa pa mamita 3,000, ena muli mpweya wamba, popanda wosewera kapena womuyeza kudziwa amene ali kuti. Sanapeze kusiyana. Mtsutso pakati pa gulu la Levine ndi gulu la Lundby sunathe mpaka lero, ndipo ngakhale amene amakhulupirira mapiri amavomereza kuti ena thupi lawo limasintha kumtunda pomwe ena silisintha n'komwe.

Nanga a ku Kenya enieniwo? Mu 2010 akatswiri a ku Bayreuth ku Germany anayeza hemoglobin yense, chinthu chonyamula okosijeni m'maselo ofiira, m'thupi la othamanga a ku Kenya ndi anzawo a ku Germany, n'kupeza kuti akamuwerengera pa kilogalamu ya thupi ndi wofanana. Ndipo pali funso losavuta limene limagwetsa ganizo loti mapiri okha ndi okwanira. A Sherpa a ku Nepal ndi anthu a ku La Paz ku Bolivia amakhala kumtunda kuposa Iten, mamita 3,600 ndi kupitirira, koma sitiwaona akupambana marathon ya London kapena ya Boston.

Munthu amene anasintha funso lonseli anali Bengt Saltin wa ku Sweden, mmodzi mwa akuluakulu a sayansi imeneyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anapita ku Kenya ndi othamanga a ku Scandinavia, n'kuwayeza pamodzi ndi anyamata a sukulu komanso akatswiri a kumeneko. Zotsatira zinatuluka mu 1995. VO2max ya akatswiri a ku Kenya ndi ya akatswiri a ku Scandinavia sizinasiyane kwenikweni. Anyamata a ku Kenya ongokhala anali pa 47, nambala wamba, pomwe anzawo a msinkhu womwewo amene ankayenda kapena kuthamanga tsiku ndi tsiku anali kupitirira 60. Kusiyana kwenikweni kunaoneka pena: pa liwiro lofanana, a ku Kenya ankagwiritsa ntchito okosijeni wochepa. Izi ndi zimene amazitcha running economy, kuthamanga mosawononga mphamvu.

Saltin ndi Henrik Larsen wa ku Denmark anatembenukira ku miyendo. Anapeza kuti anyamata a mtundu wa Kalenjin, makamaka a Nandi, ali ndi miyendo yaitali poyerekeza ndi thupi lonse, ndipo kuchokera pa bondo kutsika mmunsi ndi yopyapyala, akatumba aang'ono. Chifukwa chake zimenezi zili ndi ntchito angachimvetse aliyense amene anadutsapo m'munda wa dongo nthawi ya dzinja matope atakakamira ku nsapato: katundu wochepa kuphazi amatopetsa kuposa katundu yemweyo atakhala m'thumba la malaya, popeza phazi umaliponya kutsogolo ndi kulibweza pa sitepe iliyonse. Oyeza anapeza kuti magalamu 100 owonjezera pa nsapato iliyonse amakweza mphamvu yofunika ndi pafupifupi 1 peresenti. Pa makilomita 42 peresenti imodziyo ndi mphindi yathunthu ndi kupitirira.

Apa ambiri anati basi, chinsinsi chapezeka, n'chibadwa. Koma kuthamanga mosawononga mphamvu kumaphunziridwanso. Andrew Jones, amene pano ali ku University of Exeter, anayeza Paula Radcliffe wa ku Britain kuyambira ali mtsikana. Kuchokera mu 1992 kufika mu 2003, chaka chimene anathamanga marathon ya London pa 2:15:25, VO2max yake inangokhala cha pa 70, osasintha kwenikweni. Chimene chinasintha ndi okosijeni amene ankafuna pa liwiro lomwelo, amene anatsika ndi pafupifupi 15 peresenti. Zaka za kuthamanga zinaphunzitsa thupi lake kusunga mphamvu. Ndipo miyendo yopyapyala nayo munthu sanganene msanga kuti ndi ya chibadwa chokha, poti kadyedwe ndi ntchito za paubwana zimaumba thupi.

Amene anapita kukafufuza chibadwacho mwachindunji anali Yannis Pitsiladis, pa nthawiyo ali ku University of Glasgow. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, iye ndi ophunzira ake anasonkhanitsa DNA ya akatswiri a ku Kenya ndi ku Ethiopia. Anayang'ana DNA yochokera kwa mayi, yochokera kwa bambo, ndi tizigawo monga ACE ndi ACTN3 timene ena ankati ndi ta liwiro kapena kupirira. Sanapeze chizindikiro chapadera cha akatswiriwo. Anapeza kuti ndi anthu osiyanasiyana kwambiri pachibadwa, osati banja limodzi lodzipatula. Kuwonjezera apo, a Kalenjin a ku Kenya ndi a Oromo a ku Arsi ku Ethiopia, kumene kuli tauni ya Bekoji yotulutsa Derartu Tulu, Kenenisa Bekele ndi Tirunesh Dibaba, ndi mitundu yosiyana chilankhulo ndi makolo omwe. Izi sizikutanthauza kuti chibadwa chilibe gawo. Kutalika kwa munthu ndi kaumbidwe ka thupi lake zimachokera ku tizigawo ta DNA tambirimbiri, kalikonse kothandiza pang'ono, ndipo kuti utione bwino umafunika kuyeza anthu zikwi zambiri, pomwe akatswiri enieni padziko ndi ochepa. Koma ganizo loti pali kachinthu kamodzi m'magazi a mtundu wina layesedwa ndipo silinapezeke.

Kafukufuku amene ine ndimamulemekeza kwambiri pa nkhaniyi sanafune makina odula. Amene anachita kafukufukuyu ndi Vincent Onywera, Mkenya amene pa nthawiyo anali ku Kenyatta University, mogwirizana ndi gulu la ku Glasgow lija. Mu 2006 anasindikiza zimene anapeza atafunsa othamanga oposa 400 za kwawo ndi ubwana wawo. Mwa amene ankaimira dziko kunja, 81 peresenti anali ochokera ku Rift Valley ndipo 76 peresenti anali a Kalenjin. Koma 81 peresenti ananenanso kuti ali ana ankathamanga popita kusukulu, pomwe mwa Akenya wamba amene anawayerekezera nawo anali 22 peresenti yokha. Ambiri ananena mosabisa kuti chimene chinawalowetsa m'masewerawa ndi ndalama. Zaka ziwiri izi zisanachitike, Onywera anali atakhala sabata yathunthu pa kampu ya othamanga pafupi ndi Kaptagat akuyeza pa sikelo chakudya chilichonse cha akatswiri 10. Mphamvu zoposa magawo atatu mwa anayi ankazipeza ku zakudya zokhutitsa: ugali, umene ndi nsima yathu yomweyi, mpunga, buledi, mbatatesi, ndi tiyi wamkaka wothira shuga wambiri. Ndiwo zinali kabichi, nyemba ndi nyama pang'ono. Panalibe chakudya chachilendo chilichonse.

N'zofunika kuti funsoli anafunsa Mkenya. Mlendo wobwera ndi masingano kwa milungu itatu amaona magazi ndi miyendo. Mwini dera amadziwa kufunsa za mtunda wa kusukulu, za ng'ombe zimene mwana ankaweta, za mnansi amene anamanga nyumba ya malata ndi kugula munda atapambana mpikisano ku Ulaya. Ku Iten othamanga mazanamazana amadzuka m'bandakucha n'kuyamba limodzi pa misewu ya dothi lofiira, wongoyamba kumene ali pambuyo pa katswiri wa dziko lonse. Pa sukulu ya St Patrick's pomwepo, Brother Colm O'Connell wa ku Ireland, amene anafika mu 1976 kudzaphunzitsa jogalafe asakudziwa chilichonse cha ukochi, anakula n'kukhala mphunzitsi wa akatswiri ambiri, kuphatikizapo David Rudisha amene anathamanga mamita 800 pa 1:40.91 ku London mu 2012. Rudisha ndi Mmaasai, osati Mkalenjin. Dera limene ana zikwizikwi amayesa masewera amodzi, pali makochi, mipikisano ya sukulu ndi ma ejenti ofunafuna luso, limapeza aluso amene kwina akanangothera kumunda osadziwika.

Pali mbali ina yowawa imene sitingailumphe. EPO yomwe impso zimatulutsa ija imapangidwanso ngati mankhwala a odwala impso, ndipo othamanga ena amadzibaya mwakuba. Rita Jeptoo, amene anapambanapo ku Boston ndi ku Chicago, anapezeka nayo mu 2014. Jemima Sumgong, mayi woyamba wa ku Kenya kutenga golide wa marathon pa Olympics, ku Rio mu 2016, anapezeka nayo chaka chotsatira. Kenya inakhazikitsa bungwe lake lolimbana ndi mchitidwewu, ADAK, mu 2016, ndipo chiwerengero cha oletsedwa kupikisana chakhala chokwera. Ena ankati mankhwalawa sangathandize munthu wobadwira kumtunda chifukwa magazi ake ndi okwana kale. Gulu la Pitsiladis linayesa zimenezi pobaya othamanga ovomera a ku Eldoret ndi a ku Scotland kwa milungu inayi, ndipo onse nthawi yawo pa mamita 3,000 inatsika ndi cha m'ma 5 peresenti. Kubera kumeneku sikufafaniza zimene Keino ndi anzake anachita EPO yopanga isanabwere, koma kumasokoneza aliyense woyeza akatswiri a lero, ndipo ena ophunzira sayansiyi amathera pa ntchito yolondola magazi a osewera chaka ndi chaka kuti aone ngati asintha mokayikitsa.

Ku Malawi funso limabwera lokha. Nsima timadya, ana athu amayenda mitunda popita kusukulu, ndipo mapiri tili nawo. Zoona, koma tiyeze bwino. Nyika ndi yokwera mamita oposa 2,000, koma ndi malo osungirako nyama ndipo pamwamba pake sipakhala midzi yambiri. Dedza ili cha pa 1,600, Lilongwe kungopitirira 1,000 pang'ono. Luso lokha lilipo. Amene anaonerapo mpikisano wa onyamula katundu pa phiri la Mulanje amadziwa mmene anyamata ndi atsikana a kumeneko amatsikira miyala, ndipo Catherine Chikwakwa anatenga siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto ku Italy mu 2004. Chimene Iten ili nacho ndi khamu, njira yooneka yochokera pa bwalo la sukulu kukafika ku mpikisano wolipira, ndi anthu olemba manambala a ana chaka ndi chaka. Wophunzira digiri yachiwiri amene ali ndi wotchi, tepi yoyezera, sikelo ndi mafunso okonzedwa bwino atha kuyamba ntchito ngati ya Onywera m'boma lililonse la dziko lino, ndipo ingakhale ntchito ya phindu kuposa kubwereza zimene ena anayeza pa ana a mayiko ena.

Kumene sayansiyi yafika tsopano kukuoneka pa nkhani yoti munthu athamange marathon maola awiri asanakwane. Mu 1991 dokotala wina wa ku America, Michael Joyner, anaphatikiza manambala atatu, VO2max, liwiro limene lactate amayambira kuchuluka m'magazi, ndi kusawononga mphamvu kuja, n'kuwerengera kuti munthu wokhala ndi zonse zabwino koposa angathamange marathon pa 1:57:58. Eliud Kipchoge anathamanga 2:00:25 ku Monza mu 2017 ndi 1:59:40 ku Vienna pa 12 October 2019, ngakhale nthawi zimenezi sizinalowe m'mabuku a mbiri chifukwa omutsogolera ankasinthana ndipo madzi ankamupatsira pa njinga. Nsapato zatsopano zokhala ndi thovu lofewa ndi kachitsulo ka kaboni mkati zinathandizanso, poti ku University of Colorado anapeza kuti zimachepetsa mphamvu yofunika ndi pafupifupi 4 peresenti.

Andrew Jones uja ndi amene anayeza akatswiri 16 amene ankaganiziridwa pa ntchito ya ku Monza. VO2max yawo, powerengera onse pamodzi, inali 71, nambala imene othamanga ambiri osadziwika ali nayo. Chodabwitsa chinali choti ena mwa iwo ankatha kukhala pa makilomita 21 pa ola mpweya wawo uli wokhazikika, akugwiritsa ntchito pafupifupi mphamvu zawo zonse koma osabanika. Jones anaonanso chimene manambala atatu a Joyner sanena. Onse amayezedwa munthu ali watsopano, atapuma ndi kudya bwino, pomwe marathon imagamulidwa pakadutsa makilomita 30, shuga wa m'minofu atatsala pang'ono kutha. Gulu lake litayeza opalasa njinga kawiri, koyamba asanatope ndi kachiwiri atapalasa mwamphamvu kwa maola awiri, linapeza kuti mphamvu imene munthu angaisunge nthawi yaitali imatsika ndi pafupifupi 10 peresenti, koma mosiyana kwambiri: ena sanatsike n'komwe, ena anataya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Kulimba kumeneku Jones akuti ndi nambala yachinayi, ndipo ophunzira a PhD m'mayunivesite angapo ali kalikiliki kufufuza ngati kumachokera ku mtundu wa minofu, ku chakudya chimene munthu amamwa ali pa liwiro, kapena ku zaka zambiri za kuthamanga mitunda kuyambira ali mwana.